Bambo akatisiya: mafunso ndi mayankho pa za kulira ndi kukumbukira

Maliro a bambo amakhala ndi eni ake ambiri. Amfumu ali ndi gawo lawo, ampingo ali ndi lawo, adzukulu ali ndi lawo, akuntchito nawonso amafuna mpata woyala nkhata ndi kulankhulapo. Mwana wa malemu amafunsidwa za bokosi, za galimoto, za ufa ndi nkhuni, koma n'kamodzikamodzi kuti wina amukokere pambali n'kumufunsa za mumtima. Mafunso otsatirawa ndi amene ana oferedwa amakhala nawo. Ena amafunsidwa poyera, ena munthu amangogona nawo.

Bambo atamwalira sindinakhetse msozi. Ndinangokhala yakaliyakali mpaka tinaika. Kodi ndiye kuti sindinkawakonda?

Munkawakonda. Taganizirani zimene munachita m'masiku awiri kapena atatu aja: kutenga chikalata kuchipatala, kukambirana ndi a kunyumba yachisoni, kusankha bokosi, kuimbira achibale a kumudzi ndi a ku Joni, kupeza lole yonyamula anthu, kuwerengera chipepeso kuti muone ngati chikwanire nyemba ndi kabichi. Mutu ukadzaza chonchi mtima umachita dzanzi, ndipo dzanzi limeneli ndi limene limathandiza munthu kuima mpaka dothi lomaliza litathiridwa. Misozi imadzabwera pambuyo, kawirikawiri pa kanthu kakang'ono. Mvula yoyamba yagwa, mwatenga foni kuti muwafunse ngati adzala, kenaka mwakumbukira kuti nambalayo ilibenso woyankha.

Pali chinanso. Pamaliro pathu amayi amakhala m'nyumba ya siwa, momwe kubuma n'kololedwa, pamene abambo amakhala panja kuzungulira moto, kumakamba za mtengo wa feteleza ndi za mpira. Dongosololi lili ndi ubwino wake, koma laphunzitsa anyamata kuti mwamuna salira. Mwana wamwamuna wachisamba amauzidwa tsiku lomwelo kuti, "Limba mtima, tsopano bambo ndiwe." Onena amanena mwachikondi, komatu akuuza munthu amene bambo ake sanalowe n'komwe m'manda. Mwana wamkazi naye ali ndi vuto lake. Akapanda kulira mokweza, amayi ena amayamba kunong'onezana kuti, "Mwamuona mwana uja? Maso gwa!" Kuweruza kotere n'kolakwika. Alipo amene amalira mpaka kugubuduka pansi pomwe bambowo ali moyo sankawayendera, ndipo alipo amene anawasambitsa ndi kuwadyetsa miyezi yonse ya matenda, pamaliro n'kungokhala duu chifukwa analira kale ku wodi.

Ndinamva kuti kulira kuli ndi magawo asanu amene aliyense amadutsamo. Ndi zoona?

Mfundoyi inachokera kwa Elisabeth Kübler-Ross, dokotala wa matenda a maganizo wobadwira ku Switzerland, amene mu 1969 anatulutsa buku lotchedwa On Death and Dying atacheza ndi odwala ambiri m'chipatala ku Chicago. Iye anatchula kukana, mkwiyo, kuchonderera, kukhumudwa ndi kuvomereza. Koma anthu amene ankacheza nawowo anali odwala oyembekezera imfa yawo, osati oferedwa, ndipo palibe amene amadutsa m'magawowa mwandondomeko. Zimene Margaret Stroebe ndi Henk Schut a ku yunivesite ya Utrecht analemba mu 1999 ndi zimene zikufanana ndi zomwe timaona: woferedwa amapita uku ndi uku, lero ali m'chisoni, mawa ali kalikiliki ndi za moyo, mkuja chisoni chabweranso. Mukaseka Lachiwiri n'kulira Lachitatu, palibe chasokonekera.

Nanga makolo athu ankati maliro amatha liti?

Sankati amatha tsiku loika. Pakati pa Achewa, patapita masiku ochepa chiikireni maliro, abale ankasonkhana n'kumetana tsitsi. Uku ndiye kumeta kachimodzi. Apa obwera kutali ankabalalika, ndipo makasu ankabwerera kumunda. Koma namfedwa weniweni, makamaka mkazi wa malemu, ankakhalabe m'nyengo yodika ndi zoletsa zake. Kenaka patapita miyezi yambiri, kawirikawiri zokolola zitalowa m'nkhokwe, ankafulula mowa n'kuitana mudzi ku bona, kumeta kachiwiri. Tsiku limeneli linali lachikondwerero, la ng'oma, nsima ndi nyama. Chikhulupiriro chinali chakuti mzimu wa malemu, umene unkayendayenda kufupi ndi mudzi, tsopano wakhazikika pakati pa mizimu ya makolo, ndipo otsala amasuka. Wansembe wa Katolika J. W. M. van Breugel anafotokoza mwambowu mwatsatanetsatane m'buku lake la Chewa Traditional Religion, ndipo amene angafike ku Mua, m'boma la Dedza, akaona zambiri za miyambo ya maliro m'nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare.

Azipembedzo nawonso sathera pamanda. Asilamu amaika maliro msanga, tsiku lomwelo ngati n'kotheka, koma mabanja ambiri ku Mangochi, ku Machinga ndi kwina amadzakumananso pa sadaka, yodziwika kwambiri ndi ya masiku 40. Akatolika amapereka Misa yopempherera malemu, ndipo pa 2 Novembala chaka chilichonse amakumbukira akufa onse. Amipingo ina amadzasonkhana pa mwambo wa chiliza.

Munthu akhoza kukana mowa wa bona kapena nkhani ya mizimu malinga ndi chikhulupiriro chake, palibe vuto. Koma nzeru imene inali m'mwambowu siyenera kutayidwa limodzi ndi mowawo. Makolo ankadziwa kuti chisoni chimafuna chaka, kuti woferedwa aone dzinja, masika ndi chilimwe malemu palibe, ndipo ankaika tsiku loti mudzi wonse ubwerere kudzamuona. Lero kuntchito amakupatsani masiku owerengeka. Lolemba muli pa desiki, anzanu anena "pepani" kamodzi, nkhani yatha. Pamaliro panali anthu mazana, patatha mwezi pakhomo pali zii. Ana ambiri a m'tauni amene akuvutika lero sakuvutika chifukwa chofooka mtima ayi. Tinasiya kumeta kachiwiri osaikapo china m'malo mwake.

Pamaliro a bambo adzukulu ankaseka ndi kuchita nthabwala, akwaya nawo anavina. Zinandiwawa. Si chipongwe chimenechi?

N'zomveka kuti zinakuwawani, koma sichinali chipongwe. Adzukulu, amene amakumba manda, kunyamula bokosi ndi kukwirira, ndi amene mwambo unawalola kusereula pomwe ena onse ali ndwii. M'madera ena amavala chipewa kapena jekete la malemu n'kumayenda ngati iwo, kutsokomola ngati iwo, kukalipa mmene ankakalipira ana akaba mango. Anthu amaseka misozi ili lengelenge, chifukwa kwa kanthawi munthu uja waonekanso. Ku Zambia, Angoni ndi Abemba ali ndi chimbuya: pamaliro a Mngoni, Abemba ndi amene amagwira ntchito, kusereula anamfedwa ndi kuwapaka ufa, ndipo pamaliro a Mbemba, Angoni amabwezera.

Kumidzi ya gule, pamaliro a mfumu kapena a munthu wolowa, zilombo zimatuluka kudzaperekeza malemu. Ndi gule wamkulu yemweyu amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Choncho mawu akuti "kukondwerera moyo wa malemu", amene tikuwaona pa mapologalamu osindikiza ndi pa malaya a maliro a m'tauni, sanabweretse chachilendo. Kulira ndi kuvina zinkakhalira limodzi pabwalo limodzi kuyambira kale.

Komabe maliro amasiyana. Bambo a zaka 85 amene aona zidzukulutudzi si ofanana ndi bambo a zaka 42 amene afa pangozi ya minibasi n'kusiya ana ali ku pulayimale. Pamaliro achiwiriwa, kuumiriza mkazi ndi ana kuti akondwerere ndi nkhanza. Ndipo mlaliki amene amadzudzula anamfedwa kuti kulira n'kuchepa kwa chikhulupiriro waiwala kuti Yesu nayenso analira pamanda a Lazaro.

Abale andipatsa mpata wolankhulapo za bambo. Ndinene chiyani?

Mbiri zambiri zimene timamva pamaliro n'zofanana: anabadwa chaka chakuti, anaphunzira pasukulu yakuti, anagwira ntchito kwakuti, adwala nthawi yochepa, asiya mkazi, ana ndi zidzukulu zakuti. Zimenezi n'zofunika, ndipo woimira banja azinena. Koma inu ndinu mwana, mukudziwa zimene wina aliyense sakuzidziwa. Nenani mmene ankakonzera njinga Loweruka m'mawa wailesi ili pambali. Nenani za malisiti a fizi amene ankawasunga m'kajumbo pansi pa matiresi, za mawu amene ankakonda kunena mukalakwa, za timu imene ankaifera, kaya Bullets kaya Wanderers, ndi mmene m'nyumba munkakhalira ikagonja. Zinthu ziwiri kapena zitatu zotere zimachititsa anthu kugwedeza mitu kuti, "Eya, ndi iwowadi." Mawu akuti "anali munthu wabwino, wokonda anthu, woopa Mulungu" amanenedwa pamaliro a aliyense, ndipo palibe amene amapita nawo kunyumba.

Lembani papepala, chifukwa pamaso pa bokosi mutu umabalalika. Musatalikitse: dzuwa likuswa mtengo, olankhula ndi ambiri, adzukulu akudikira kumanda. Pemphani mbale aime pafupi kuti mawu akakutsamwani apitirize kuwerenga. Ngati ndi kumudzi, yambani mwadziwitsa mwini mbumba, pakuti olankhula amasankhidwa ndi akuluakulu, ndipo zoti mwana alankhule pamaliro a kholo lake n'zobwera posachedwa. Akakana musalimbane nawo, pepalalo lisungeni, mudzawerenga pa chiliza. Chimodzi chokha musachite: kugwiritsa ntchito mpatawo kulasa achibale amene sanabwere kuchipatala. Mawu olankhulidwa pamaliro saiwalika, ndipo amayi anu ndi amene adzakhale ndi anthu amenewo inu mutabwerera m'tauni.

Ndinkawakonda, koma bambo anga anali ndi zofooka zawo, mowa ndi ukali. Pamaliro panatulukiranso ana amene sitinkawadziwa. Ndiwakumbukire bwanji?

Monga mmene analili. Mwambo wathu sulola kunena zoipa za malemu pagulu, ndipo n'chabwino kuti pamanda pasasanduke bwalo la milandu. Koma mumtima mwanu ndi pakati pa abale anu palibe akukukakamizani kuwasandutsa mngelo. Munthu amene anamwera ndalama za fodya chaka china ndi yemweyo amene anagulitsa njinga yake kuti mulembe mayeso a Fomu 4. Zonse ziwiri zinachitika.

Kulira bambo wotere n'kovuta kuposa kulira bambo wofatsa, chifukwa mkwiyo ulibenso kolowera, ndipo "pepa mwana wanga" amene munkamudikira sabweranso. Ena zimawathandiza kulemba kalata yoti satumiza, ena kukalankhula pamanda. Chimene chimathandiza ambiri n'kukhala pansi ndi azakhali kapena mnzawo wa bambo wa paubwana n'kufunsa kuti, "Kodi bambo anakula bwanji?" Mwina mudzamva kuti bambo awo anapita ku Wenela osabwereranso, kuti bambo anuwo anasiya sukulu chifukwa cha fizi, kuti anayamba ganyu m'maesiteti a tiyi asanamere ndevu. Zimenezi sizifafaniza zimene anakulakwirani, koma mumayamba kuona munthu yense.

Za ana otulukirawo, iwo sanasankhe kubadwa. Nawonso aferedwa, ndipo mwina iwo sanapeze n'komwe gawo la bambo limene inu munapeza.

Amayi ndi ife ana tinkafuna bambo aikidwe m'tauni, koma akuchimuna anaumirira kuti apite kwawo. Woyenera kulamula ndani?

Mkanganowu ndi wakale, ndipo muzu wake uli m'mene maukwati athu amayendera. Kumene kuli chikamwini, monga pakati pa Achewa, Ayao, Alhomwe ndi Amang'anja, mwamuna amamanga kwa mkazi, ana amakhala a mbumba ya amayi awo, ndipo mwamunayo akamwalira abale ake amati, "Tikufuna munthu wathu akagone pafupi ndi amayi ake." Mwa mwambo akunena zoona. Kumpoto, kumene kuli malowolo, funsoli silivuta kwenikweni chifukwa mudzi wa bambo ndi mudzi wa ana. Vuto lakula chifukwa cha tauni. Munthu wakhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre zaka 40, wamanga nyumba, mpingo wake uli komweko, ana ake kumudzi amangokudziwira pa Khirisimasi. Kwa anawa manda a ku Area 18 kapena a ku HHI ndi amene angamawayendere. Nkhani zina zotere zafika mpaka kukhoti thupi lili kunyumba yachisoni.

Ngati malemu ananena kapena kulemba kumene akufuna kukagona, mawu awo alemekezedwe, ndipo mabanja ambiri amagonjera zimenezo. Ngati sananene, ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhale pansi, amayi amvedwe, anthu agwirizane msanga. Kwa amene bambo awo akadali moyo, funsoli lifunsidwe lero. Ena amati kukamba za manda n'kuitana imfa, komatu amene sanakambe nawonso amamwalira, n'kusiyira ana ndewu.

Tisanamete n'komwe, abale a bambo ayamba kukamba za nyumba, galimoto ndi mabuku a kubanki. Lamulo likuti chiyani?

Lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates Act, linabwera kudzathetsa zimenezi. Bambo akamwalira osalemba wilu, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena akazi awo ndi ana awo, kenaka ena amene ankadalira malemu pa moyo wawo, monga makolo okalamba. Ana onse amawerengedwa, a m'banja ndi obadwira kunja komwe. Katundu wa m'nyumba amene banja linkagwiritsa ntchito amatsala ndi mkazi. Mchimwene wa malemu kapena mphwawo sapeza gawo pachifukwa chongoti ndi mbale, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene chilango chake chimafika zaka 10 m'ndende. Kukakamiza mayi wamasiye kulowa kufa nakonso n'koletsedwa ndi lamulo la Gender Equality Act la 2013.

Zochita ndi izi. Pezani chiphaso cha imfa, chifukwa popanda icho kubanki, ku penshoni ndi ku inshulansi sakuthandizani. Sungani pamalo abwino mapepala a nyumba, a malo ndi a galimoto, ndipo lembani mndandanda wa katundu pamaso pa mboni za mbali zonse. Zikavuta pitani ku ofesi ya DC, kwa Administrator General kapena ku Legal Aid Bureau, ndipo ngati ayamba kunyamula katundu, kupolisi.

Koma tisaweruze akuchimuna onse. Agogo amene ankalandira thumba la feteleza chaka chilichonse kuchokera kwa mwana wawo nawonso aferedwa, ndipo mantha awo ndi enieni. Kuwapatsa jekete, njinga kapena wailesi ya malemu, ndi kupitiriza kathandizo kaja ngati mungathe, kumazimitsa mikangano yambiri isanafike kwa DC.

Ndili kunja, sindinakwanitse kubwera kudzaika bambo. Ndimadziimba mlandu tsiku lililonse.

Simuli nokha. Ambiri amene ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Britain amamva uthenga usiku, m'mawa akupeza kuti tikiti n'njodula, abwana akana tchuthi, kapena mapepala sali bwino moti akatuluka sadzalowanso. M'zaka za 2020 ndi 2021, nthawi ya Covid-19, ngakhale amene anali ndi ndalama ndi mapepala omwe anaonera maliro a makolo awo pa WhatsApp. Kawirikawiri mwana wakunjayo ndi amene anatumiza ndalama ya bokosi pa Mukuru, ndi amene ankagula mankhwala nthawi ya matenda. Kumeneko kunali kuperekeza bambo.

Mwambo wathu unamusiyira malo wobwera mochedwa. Mukadzafika, kaya papita chaka, akuluakulu adzakhala nanu pansi n'kukufotokozerani mmene matenda anayambira mpaka mmene anaikira, mudzalira ndipo ena adzalira nanu, kenaka adzakuperekezani kukaona manda. Kumudzi musapite nokha kumanda, dziwitsani amfumu. Podikira tsiku limenelo, itanani anzanu a kumudzi kapena a kumpingo amene muli nawo kumeneko, muphike nsima, mupemphere, muwauze za bambo anu. Kulira wekha m'chipinda cha lendi m'mawa n'kudzukira kuntchito ngati palibe chachitika ndi kumene kumadwalitsa.

Chiliza timange liti, ndipo n'chokhacho chimene tingawachitire?

Amisiri amalangiza kudikira kuti mvula idutse kamodzi, dothi likhazikike, apo ayi chiliza chimang'aluka. Kupitirira apo palibe chothamangira. Dr Hastings Kamuzu Banda anamwalira pa 25 Novembala 1997, koma chiliza chawo ku Lilongwe chinatsegulidwa mu 2006, ndiye inu musadzione wolephera chifukwa papita zaka ziwiri. Chodandaulitsa n'chakuti chiliza chasanduka mpikisano. Banja limatenga ngongole ya katapila kuti ligule mwala wonyezimira, nsalu ndi malaya osindikiza nkhope ya malemu, pomwe mwana wotsiriza wa malemu yemweyo wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Bambo amene ankayenda wapansi kuti asunge ya minibasi sakanavomera zimenezo. Simenti, njerwa, dzina lolembedwa bwino ndi zaka zolondola n'zokwanira. Chachikulu pa tsikulo n'chakuti abale akumanenso, adye limodzi, akambe za malemu momasuka, zimene bona ankachita.

Njira zina zowakumbukira n'zambiri, ndipo zokhalitsa ndi zimene zimapitiriza chimene iwo ankachikonda. Ku Chileka, Robert Fumulani ankaimba ndi gulu lake la Likhubula. Atamwalira, ana ake Musamude, Anjiru ndi Chizondi anapitiriza kuimba m'gulu la Black Missionaries limodzi ndi Evison Matafale, ndipo dzina la Fumulani likumvekabe pa wailesi mpaka lero. Si onse ali ndi bambo woimba, koma alipo amene anasiyiridwa dimba, makina osokera, mathebulo a ukalipentala, kapena mwana wamasiye amene bambo ankamulipirira sukulu mwakachetechete. Kutcha mwana dzina la agogo ake ndi mwambo wathu wakale umene suwononga ndalama.

Chinthu chimodzi n'chofulumira kuposa chiliza. Anthu amene akudziwa mbiri ya bambo anu, amayi, azakhali, anzawo a kusukulu, nawonso akukalamba. Tengani foni, akhazikeni pamkeka, muwajambule mawu akufotokoza. Funsani mfunda, mudzi umene makolo anachokera, mmene bambo anafunsirira amayi. Zithunzi zakale zijambuleninso n'kutumizira abale onse kuti zisathere m'sutikesi imodzi imene chiswe chingaipeze.

Masiku ena adzakhala olemera chaka chilichonse: tsiku limene anamwalira, Khirisimasi, ukwati wa mlongo wanu pamene mpando wawo uli wopanda munthu, ndi Lamulungu lachitatu la Juni pamene Facebook yonse yadzaza zithunzi za anthu ndi abambo awo. Konzekeranitu zochita pa masiku otere, kaya kupita kwa amayi, kaya kuphika ndiwo imene ankaikonda.

Ana anga akufunsa kuti agogo apita kuti. Ndiwauze kuti ali paulendo?

Ayi. Mwana amadikira wapaulendo, ndipo akadzazindikira kuti munamunamiza amasiya kukukhulupirirani pa zinthu zazikulu. Musanenenso kuti agona, chifukwa ena amayamba kuopa tulo. Muuzeni mwachidule kuti agogo amwalira, thupi lawo lasiya kugwira ntchito, sabweranso, ndipo si chifukwa cha chilichonse chimene iye anachita. Za kumene mzimu wapita mufotokozereni monga mwa chikhulupiriro cha banja lanu. Akafunsanso mawa funso lomwelo, muyankheninso.

Ndingadziwe bwanji kuti chisoni changa chafika pofuna thandizo la kuchipatala?

Kusowa tulo, kusafuna kudya, kuiwalaiwala, kulota malemu, ngakhale kumva ngati akuitana panja, n'zachizolowezi m'miyezi yoyamba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'ndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, linaikamo chisoni chosatha ngati vuto lofuna chithandizo. Limati ndi pamene papita miyezi yoposa 6, kupyolanso nthawi imene chikhalidwe cha munthuyo chimayembekezera, koma iye akadali womangika ndi malemu usana ndi usiku moti ntchito, sukulu ndi banja zaima. Onani kuti nawonso a WHO akuvomereza kuti chikhalidwe chili ndi mawu pa kutalika kwa maliro.

Koma pali zizindikiro zosadikira miyezi. Ngati mowa kapena chamba ndi zimene zikukugonetsani, ngati mwasiya kusamba ndi kutuluka m'nyumba, makamaka ngati mukuganiza zowatsatira bambo, uzani munthu lero lomwe. Malipoti a apolisi m'dziko muno akhala akuonetsa kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna, omwe aja tinawauza kuti asalire. M'zipatala za m'maboma muli anamwino ndi madokotala oona za maganizo. Palinso chipatala cha Zomba Mental ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko si misala, ndipo sikutsutsana ndi kupemphera. Abusa kapena shehe wanzeru adzakuperekezani yekha.

Mnzanga wataya bambo ake. Ndinapita kukakhuza, ndinapereka chipepeso. Chatsala n'chiyani?

Chatsala ndi chachikulu. Maliro n'kulirana, tonse timatero, koma ambiri timathera pa kugona panja usiku umodzi ndi kulembetsa dzina m'kope la chipepeso. Pitaninso patatha mwezi, pamene matenti achotsedwa ndipo achibale abwerera kwawo. Musafunse kuti, "Ndikuthandize chiyani?" chifukwa adzati palibe. Bwerani ndi shuga, mperekezeni ku ofesi ya penshoni, tengani ana ake akasewere kwanu Loweruka. Musathamangire kunena kuti chinali chifuniro cha Mulungu kapena kuti bambo anali atakula kale. Iye akudziwa zaka zawo, ndipo sizikuchepetsa kanthu. Musaope kuwatchula malemu poganiza kuti mumukumbutsa, sanaiwale. Ngati munawadziwa, muuzeni kanthu kamene anakuchitirani kapena kamene anakuseketsani, mwina iye sanakamvepo. Akayamba kulira musamuletse, khalani naye mpaka atonthole yekha.

Lembani penapake tsiku limene bambo akewo anamwalira, ndipo chaka chamawa tsiku lomwelo mukamuone kapena mumuimbire.